Njerwa za Mchombo

Ana anga, kuyambira muli aang'ono mwakhala mukundiseka kuti zitenje zanga zilibe pini, kuti sindivala wotchi, ndiponso kuti m'chikwama mwanga simusowa sipuni ya pulasitiki. Inu mumati ndi kuumira. Si kuumira ayi, ndi ntchito imene inakulerani. Popeza tsopano ndapuma ndipo maso akadaona, ndati ndilembe za ntchitoyo, makamaka za chaka chimene ndinaimitsa chiliza cha agogo anu aamuna simenti itagulidwa kale. Achibale ena mpaka lero amaikamba nkhaniyi moipotoza, ndiye ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ndinalowa ntchito ku labotale ya boma yoyeza miyala ndi dothi kuno ku Lusaka nditangomaliza sukulu ku Matero. Bambo anga, a Phiri, anamwalira ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Anachokera ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito, ndipo anakhala woumba ndi kuotcha njerwa. Nyumba yathu ya ku komboni ya George anamanga okha, pakhonde n'kuyala njerwa m'malo mwa simenti. Chikombole chawo chinali ndi kabowo pansi, pamene panagwa mfundo ya thabwa, kotero njerwa iliyonse inkatuluka ndi kachotupa pakati. Tinkazitcha njerwa za mchombo. Inu mukuzidziwa, ndi zija munkapunthwa nazo pophunzira kuyenda.

Anandilemba ntchito yotsuka mabotolo ndi kusinja dothi. Bwana wanga woyamba anali ba Siame, bambo wamtali wa ku Mbala, wosaseka wamba. Tsiku loyamba sanandipatse ngakhale moni wokwanira. Anangotenga kampasi yolozera kumpoto n'kuiyandikitsa kwa ine, singano yake n'kuyamba kuvina.

"Imwe ba Phiri," anatero, "mwabwela kuseŵenza, olo mwabwela kugulisa hadiweya ya ku Kamwala? Muli na vinsimbi vingati pa thupi?"

Ndinachita manyazi osaneneka. Ndinali ndi mapini m'chitenje, tizitsulo m'tsitsi, zipi kumsana, makiyi a nyumba m'khosi.

"Mailo mubwele bwino," anatero, kutanthauza mawa. "Muno tipima nsimbi ing'ono maningi. Iyo yanu ipanga chongo."

Nditafika kunyumba ndinauza mayi anga, a Nabanda, kuti ndapeza ntchito ya nsimbi. Kuno m'tauni nsimbi ndi chitsulo chilichonse, koma kwa iwo, a ku Dedza, nsimbi ndi yositira basi. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Sukulu yonse ija kuti uzikasita malaya a anthu?" Anamwalira akunenabe kwa anzawo kuti mwana wawo amasita miyala.

Ba Siame ataona kuti ndimafunsafunsa, anayamba kundiphunzitsa. M'miyala ndi m'dothi muli timbewu tachitsulo tosaoneka ndi maso, tosalala kuposa ufa woyera, ndipo timagwira maginito. Khalidwe lake limatengera kukula kwake. Kambewu kakakulirapo, m'kati mwake mumagawanika, mbali ina kukokera uku ina uko, ngati banja lalikulu pa nkhani ya munda, ndipo mphamvu yake sikhalitsa. Kakachepetsetsa, kamagwira maginito msangamsanga, koma ukangowachotsa kaiwala pomwepo. Tapakatikati ndiye timasunga zimene tagwira kwa zaka zosawerengeka. Chinanso ndi moto. Dongo likapsa, chitsulo chofooka chimene chimalipatsa mtundu chimasanduka timbewu tamphamvu tija, kotero dothi lootchedwa limakoka kuposa laliwisi.

Nditamva zimenezi ndinawauza kuti bambo anga anali ootcha njerwa. Anati ndibweretse imodzi. Ndinazula ya kumapeto kwa khonde mayi ali ku msika, tinaiyeza, manambala n'kukwera mpaka ba Siame anavula magalasi.

"Batate banu benze kupanga maginito," anatero. "Kulibe anabauza chabe."

Kameneko kanali koyamba kuwaona akumwetulira. Njerwayo sindinaibweze, ndipo mayi anakalipira ana a anthu oyandikana nafe mwezi wathunthu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi za m'ma 1990

Kenako anandikweza, ndinasiya mabotolo n'kuyamba kuyeza ndekha. Ananditumiza kutchire cha ku Petauke, kumene tinkaboola miyala n'kutulutsamo tizidutswa. Kachidutswa kalikonse tinkakalemba muvi woloza kumpoto tisanakathyole, chifukwa timbewu tija timasunga mbali imene dziko linkakokera pamene mwalawo unkazizira. Ukaiwala muvi, wangonyamula mwala wogendera agalu. Ndinali mkazi ndekha pa msasa. Amuna aja anayesera kundipatsa mapoto, ine ndinawauza kuti mapoto ndi achitsulo, andionongera manja a ntchito. Anaseka, koma anaphika okha.

Zosowa zinali zambiri. Timabokosi tapulasitiki toikamo dothi titatha, ndinkazungulira kwa ojambula zithunzi a ku Kamwala kupempha timabotolo ta mafilimu. Fosholo yachitsulo imasiya fumbi lake m'dothi, ndiye tinkatapa ndi masipuni a pulasitiki otsala pa maukwati. Magetsi akazima tinkabwereka batire la galimoto n'kuliika kutali, kuseri kwa khoma, kuti lisasokoneze. Ndinakhalaponso ku Kabwe nyengo zingapo za mvula, inu ndikukusiyani ku George kwa agogo anu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinalira kwambiri pa moyo wanga wa ntchito, osati chifukwa cha ntchitoyo koma chifukwa cha inu.

Ba Siame popuma anandisiyira lamulo limodzi. "Ba Esnati, osapita ku mashini na ansa mu thumba. Ngati simuziba, kambani ati siniziba." M'malo mwawo munabwera ba Mudenda, munthu waulemu koma woopa akuluakulu a pamwamba pake. Chilichonse ankati tidikire. Ndi iwo ndinagwira ntchito mpaka kupuma.

Chapakati pa zaka za m'ma 2000, mvula itangotha

Mayi anayamba kutupa miyendo ndi kubanika popuma. Adokotala anati ndi mtima, ndipo sanatibisire kuti sabwereranso mwakale. Iwo anali ndi pempho limodzi lokha, loti aone chiliza pa manda a amuna awo asanatseke maso. Zaka zonsezi tinkangoti chaka chamawa, chaka chamawa.

Manda a bambo ali chakumadzulo kuja, mbali ya ku Chunga. Chizindikiro chake chinali kachikwangwani kachitsulo, ndipo akuba zitsulo zakale anakazula pamodzi ndi tina tambirimbiri. Mitumbira inali itaphwa, udzu ndi zitsamba zitamera, mtengo umene mayi ankauloza utadulidwa makala. Tinatumiza uthenga ku Dedza, ndipo abambo aang'ono a Yohane, mng'ono wa bambo anga, anakwera basi n'kubwera. Kumandako tinapeza munthu wina wa maganyu olambula. Titamutchulira dzina sanaganize n'komwe.

"Ni pamene apa," anatero akuloza ndi khasu. "Nibakumbuka bwino bamudala aba."

Mwa kuona kwanga, munthuyo anabadwa bambo atagona kale m'nthaka. Koma a Yohane anavomera, malowo analidi cha komweko, ndipo nanenso ndinkafuna kuti akhale pomwepo. Simenti inagulidwa, mwala wolembedwa dzina unafika, amayi a chigwirizano anauzidwa tsiku, kunyumba chimera cha thobwa chinanyikidwa.

M'mawa wa tsiku loyamba kumanga, mmisiri wathu ba Zulu anadzera kunyumba kudzatenga zida. Mayi anamuitana ali chigonere pa mphasa.

"Mwana wanga, mukakapeza njerwa musakazichotse ayi. Mukamange pamwamba pake."

Ndinafunsa kuti njerwa zanji. Apo ndi pamene ndinamva koyamba mmene bambo anaikidwira. Okumba anapeza thanthwe asanafike patali, manda n'kukhala osaya. Anzawo a ku uvuni anati mnzathu sangagone choncho. Anaphwasula uvuni womaliza umene bambo anaotcha koma sanautsegule, n'kumanga njerwa m'mbali monse kuchokera pansi mpaka pafupi ndi pamwamba.

Titafika kumanda ba Zulu anakumba ngalande ya maziko kuzungulira. Ine ndinaima pomwepo maso ali m'dothi. Anakumba mbali zonse zinayi, anazamitsako, kenako anaimika fosholo.

"Amai, apa kulibe njelwa. Ni dothi chabe."

A Yohane anati apitirize. Ine ndinati aime. Sizinali zapafupi, chifukwa kwathu mwana wamkazi satsutsa abambo ake pa manda.

"Naphiri," anatero a Yohane, "ukufuna kutichititsa manyazi? Njerwa zimasungunuka m'nthaka. Komanso akufa sawerenga dzina pa mwala, chiliza ndi cha ife amoyo. Mayi ako atsala ndi masiku angati? Ukawauza kuti tapeza, afa ndi mtendere."

Ndinagwada pa dothi lomwelo. "Abambo, pepani. Njerwa yootcha sisungunuka ngati shuga, imeneyi ndiye ntchito yanga. Pano pagona munthu, koma si a Phiri. Kuntchito kuli makina amene angamve njerwa zili pansi osakumba. Ndipatseni nthawi."

"Nanga makinawo akalephera?"

"Ndidzanena kuti sindikudziwa. Koma bodza kwa mayi sindikanena."

Anatola chipewa chawo n'kunyamuka osatsanzika. Anakakhala kwa mwana wawo ku Chawama konkuno ku Lusaka, n'kulumbira kuti ku Dedza sabwerera asanaone chiliza, ndiponso kuti mayi akafa chisanamangidwe mlandu ndi wanga. Thobwa linagawidwa kwa anthu oyandikana nafe. Walira mvula walira matope, ine matope anga ndinawalandira.

Miyezi ya chilimwe, chaka chomwecho

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya ba Mudenda. Makina amene ndinkafuna ndi aja onyamula pa ndodo, oyenda nawo pamwamba pa nthaka. Tinali nawo amodzi okha, ndipo anali kutchire ndi gulu lofufuza miyala.

"Siningaiitanise chifukwa cha manda, ba Esnati, banganiseke bakulu," anatero. "Izabwela mvula ikayandikila. Ikabwela nizayamba kumupasani pa Chiŵelu. Koma mukaibweze yamoyo."

Ndinathokoza n'kutuluka. Kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula ndi ulendo wautali kwa munthu wodwala mtima. Ndinapita ku George n'kuwauza mayi zonse, osabisa kanthu. Anali pakhonde, dzanja lili pa njerwa.

"Ukuti makina akowo angamve njerwa m'nthaka?"

"Angathe, mayi. Koma sindingalonjeze."

"Nanga ndikapita asanabwere?"

Ndinangoyang'ana pansi, misozi n'kugwera pa chitenje.

"Bambo ako sankatsegula uvuni usanazizire," anatero, "ngakhale wogula ataima pomwepo ndi ngolo. Dikira. Koma ukawauze makinawo kuti nane nthawi yanga si yambiri."

Miyezi imeneyo ndinaonda. Mwezi wozizira uja mayi anagonekedwa m'chipatala, ndipo ndinaona a Yohane ataima pakhomo la wodi akungondiyang'ana. Kutchalitchi ena ankati sukulu yandipenga, ena ankati ndikufuna kufukula akufa. Simenti ina inauma m'matumba. Ndinkaopa kwambiri, ndipo kangapo ndinatsala pang'ono kuitana ba Zulu kuti angomanga paja. Chimene chinkandigwira ndi chakuti mayi akanakafika pamenepo akanafunsa za njerwa, ine n'kuwanamiza m'maso muli gwa. M'malo mongodikira, Loweruka lililonse ndinkapita kumanda ndi thumba kukatola zitini, misomali ndi mawaya a nkhata zamaluwa, chifukwa ndinkadziwa kuti chitsulo chilichonse chidzasokoneza makina. Amayi ena a chigwirizano, aja omwe ankandinena, anayamba kubwera kudzandithandiza. Munthu ndi wovuta kumumvetsa.

Mitambo itayamba kusonkhana

Makina anabwera kutentha kutafika pachimake. Ba Lungu, dalaivala wathu wachikulire amene tinayenda naye m'matchire onse, anadzipereka kundithandiza. Tinakhoma zikhomo zamitengo, tinamanga zingwe m'mizere, ine n'kumayenda pang'onopang'ono m'mipata ya manda, ndodo ili m'manja, ndikutchula manambala iwo akulemba. Mwayi wathu unali woti mwala wa kumeneko ndi wa laimu, ulibe chitsulo chambiri, ndiye nthaka yake ndi yachete. Chitsulo chokwiririka chimadziwika, nambala imalumpha n'kugwa pa phazi limodzi. Njerwa ndinkayembekeza kuti zikwera pang'onopang'ono, zikhale pamwamba kutalika kwa munthu, kenako zitsike.

Loweruka loyamba sitinapeze kanthu koma zogwirira za mabokosi ndi mawaya a m'simenti. Lachiwiri chimodzimodzi. Lotsatira a Yohane anatulukira, ati adzaone ufiti wa boma. Anayandikira, manambala n'kuyamba kudumphadumpha.

"Abambo, pepani, lamba wanuyo ali ndi chitsulo. Mwina muvule, mwina muime uko."

"Ndivule lamba pa manda a mkulu wanga?"

"Bamudala, naine ninavula," anatero ba Lungu akuonetsa chingwe chimene anamangira buluku. "Apa tonse timvela amai aba."

A Yohane anang'ung'udza, koma chidwi chinawaposa. Anapachika lamba pa chitsamba chakutali n'kumanditsatira atagwira buluku ndi dzanja limodzi.

Dzuwa litapendeka tinafika pa chitsamba chowirira, mizere ingapo kuseri kwa paja tinakumba, pomwe anthu anapondapo kanjira kachidule. Nambala inayamba kukwera, osalumpha. Inakhala pamwamba, kenako inatsika. Ndinabwerera n'kudutsanso, zomwezo. Ndinadutsa chopingasa, kunali kofupika. Ba Lungu atalumikiza manambala pa pepala panatuluka chinthu chonga bedi. Ndinakumbukira lamulo lija la ba Siame.

"Wapeza?" anafunsa a Yohane.

"Pali dothi lootchedwa pansi apa, abambo. Ngati ndi la a Phiri, sindikudziwa. Amene angadziwe ali ku George."

M'mawa mwake titatuluka m'tchalitchi tinawanyamula mayi pa galimoto, ndipo kuchokera pa msewu amuna anawatenga pa mpando. Anali atapepuka ngati mtolo wa udzu. Abusa anapemphera. Ba Zulu anadula chitsamba n'kuyamba kupala dothi m'mphepete, pamene pakanadutsa maziko, mosamala ngati akufukula mbatata. Asanafike pa chigongono, chida chake chinalira pa chinthu cholimba. Anapala ndi manja, ndipo panaoneka chofiira. Wina anathirapo madzi a m'botolo, dothi n'kutsetsereka. Pakati pa njerwayo panali kachotupa.

A Yohane anakhala pansi pa fumbi n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mayi anati tiwatsitse pa mpando. Anagwada movutika ine nditawagwira m'khwapa, anatambasula dzanja, n'kuika chala chachikulu pa mchombo uja monga ankachitira pakhonde.

"A Phiri, ndabwera," anatero. "Anawa anatsala pang'ono kupatsa mlendo nyumba yanu."

Kenako anatembenukira kwa ine, akupuma mobanika. "Iwe wosita miyala, auze amange. Ndatopa."

Ngalande ija tinakumba pa manda a mlendo a Yohane anaikwirira okha ndi manja, akupepesa kwa mwini wake amene sitikumudziwa dzina. Chiliza chinamangidwa mvula yoyamba isanagwe, ndipo mayi anachiona, anawerengetsa dzina kawiri. Anatisiya chimanga chili m'maondo.

Njerwa ija ndinazula pakhonde ndili mtsikana ili m'kabati yanga, yokulungidwa m'chitenje chobiriwira. Tsiku langa likadzafika musadzavutike ndi chikwangwani chachitsulo, adzazula. Mudzandimangire njerwa zootcha m'mbali monse, osati mabuloko a simenti, ndipo imeneyo mudzaiike kumutu, mchombo uli m'mwamba.